Bwato la Bambo Anga

Uthenga wa mayi udali wa mawu ochepa: "Bwera udzalione bwato la bambo ako tisanaliwaze nkhuni." Loweruka lomwelo ndidanyamuka ku Blantyre, ndipo dzuwa likupendeka ndidafika pa Kachulu, mutu wonse uli mbuu ndi fumbi la msewu wochokera ku Zomba.

Inu amene mumangoona matemba ali pamulu mumsika wa Limbe mwina simudziwa khalidwe la nyanja ya Chilwa. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. Ndi yosaya, choncho mvula ikavuta zaka zingapo dzuwa limaimwa. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adangoti kakasi pa matope ong'aluka. Lathu lidang'ambika chaka chimenecho. Madzi adabwerera ndi mvula ya mu Malichi 2019, koma bambo adali atagona kale pamphasa, ndipo sadadzukenso.

Ndidalipeza kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Mng'alu udayambira kumutu mpaka pakati, woti dzanja n'kulowa. Mlamu wanga sadabise maganizo ake: nkhuni zowambira milamba zidakwera mtengo, nanga chigogo chowolachi tichisungirenji?

Ndidasowa poyankha. Bwatoli ndi limene lidandilipirira fizi ya kusekondale, koma ine mwini nkhafi ndidaiiwala kugwira. Amene adandipulumutsa ndi malume. Adaligogoda ndi chibakera uku akutchera khutu ngati dokotala.

"Mphwanga, uwu ndi mbawa. Ukaupeza kuti lero mtengo waukulu chonchi? Anzathu akusema mango, zaka zochepa laola."

"Ndiye mukuti lingachire, malume?"

"Iwe gula phula ndi misomali. Zinazo usiyire ine."

Ntchito idatitengera ma Loweruka anayi. Poyamba tidapala pofumbwa ponse ndi kasemasema mpaka mtengo wofiira udaonekera. Kenaka tidatseka mng'alu ndi ulusi wa chiguduli, kuukhomerera pang'onopang'ono. Phula tidasungunula m'chitini, n'kunyikamo zidutswa za lona yakale, n'kumata mkati ndi kunja. Pamwamba pake tidayala timalata, misomali yothithikana ngati msoko wa telala. Ine ndidafuna kuthamanga, ndipo ndidang'alula mbali ina ndi msomali waukulu. Malume adangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bwato si desiki ya kuofesi."

Tikupala choncho ndidapeza zigamba zina zitatu pansi pa phula lakale. Malume adaloza chachikulucho: "Ichi adakhoma bambo ako mu 1995. Anthu ankathawira ku Malombe ndi ku Chiuta, iwo adatsala kuno kukhoma chigamba, amvekere madzi abwera." Chaka chimenecho ine ndidali kusukulu, ndipo fizi sidachedwepo. M'mene adaipezera sindidawafunse, ndipo tsopano palibe woti ndimufunse.

Pomaliza tidalimiza m'madzi masiku atatu kuti mtengo ufufume, ming'alu ing'onoing'ono itsekeke yokha.

Amene ankatitumikira pa ntchito yonseyi adali mwana wa mchemwali wanga. Adamaliza Folomu 4, ntchito osaipeza, ndipo nyimbo yake idali ya ku Joni basi. Ankasonkha moto, kuwongola misomali yakale, osayankhula zambiri. Tsiku lolivuula ndi iye amene adayamba kulowamo. Adapalasa kudutsa mu njedza, nkhope italoza ku Chisi, ife tili chilili padooko, mayi atagwira pakamwa.

Atabwerako ndidamufunsa ngati likuchucha.

"Pang'ono, malume. Koma ndi zokapa ndi chikho."

Za ku Joni sadazisiye, ndisakunamizeni. Akuti aona kaye m'mene matemba achitire chaka chino. Nyanja nayo idzaphwanso, tonse tikudziwa. Koma sabata yatha basi ya ku Zomba idandibweretsera kathumba ka matemba ouma, ndipo kakalata kake kadali kopempha misomali ina, ya mainchesi awiri.