Masiku ano phazi nalonso limakutsata

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, ena mwa inu mwakhala mukufunsa kuti, "Kodi Sala, njinga ija munasiya?" popeza mapu a maulendo anga a Loweruka anasiya kuoneka. Njinga sindinasiye ayi, ndikupalasabe, mwinanso kuposa kale. Chimene ndinasiya n'kulengeza kumene ndapita, ndipo lero ndati ndikufotokozereni chifukwa chake.

Ndinayamba kupalasa mwakhama mu 2011, mafuta a galimoto atasowa m'dziko muno, mtengo wa minibasi n'kumakhala umene kondakitala wadzuka nawo tsikulo. Ndinagula njinga ya kaunjika ya magiya kuti ndizifika kusukulu belu lisanalire. Mafuta atayambanso kupezeka, ine m'minibasi sindinabwereremo. Loweruka ndimadzuka 5 koloko, kupopa matayala, kudontheza oyilo pa tcheni, n'kuuyamba. Nthawi zambiri ndimatenga msewu wa M3 kudzera pa Songani, Domasi ndi Malosa mpaka ku Liwonde, kukaona mtsinje wa Shire n'kubwerera. Tsiku limene ndadzimva mphamvu ndimakwera phiri la Zomba mpaka Ku Chawe, kumene ndimafika miyendo ikunjenjemera, lilime lili panja ngati galu.

Musaganize kuti ndine katswiri. Anyamata a kabaza amandipitirira atanyamula munthu wamkulu pa kaliya, ena n'kumaseka chisoti changa. Mpikisano sindinapambanepo ndipo sindidzapambana. Chimene ndimakondera njinga n'chakuti pa chishalo paja palibe amene amandiitana kuti Sala. Palibe makope oti ndichonge, palibe wondikumbutsa za ngongole. Mutu umayenda wokha. Ndimaganiza za sayansi: chifukwa chake mphepo imalimbana nawe kanayi ukawonjezera liwiro kawiri, kapena mmene William Kamkwamba wa ku Kasungu anagwiritsira ntchito zitsulo za njinga ndi dayinamo popanga makina ake amphepo opangira magetsi. Ndimaganizanso za ndale, zimene ndimazikonda ngati mmene ena amakondera mpira. Pa 3 February 2020, majaji asanu akuwerenga chigamulo chimene chinathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndinakhala pa wailesi tsiku lonse, nsima n'kuzizira patebulo. Koma maganizo anga pa zipani ndimakambirana ndi handulo ya njinga basi. M'kalasi sindiwatchula.

Zinthu zinasintha pamene mmodzi wa inu, amene tsopano ali pa ntchito yabwino mumzinda, anandiikira Strava pa foni. Anati, "Sala, inu wokonda manambala, ichi muchikonda." Sananame. Foni inayamba kundiuza makilomita amene ndayenda, liwiro langa, ndi mamita amene ndakwera. Ndinkatenga manambala omwewo kukaphunzitsira Fomu 3 za liwiro ndi mphamvu. Ndipo pobisa n'chiyani, kanali kakudzitama ndithu. Ndikafika kunyumba, ndisanasambe n'komwe, ndinkatumiza mapu a ulendo wanga ku gulu la WhatsApp la aphunzitsi kuti aone kuti mdala adakalipo.

Tsopano imvani zimene zinandichitikira m'nyengo ya kampeni ya chisankho cha pa 16 September 2025. Loweruka lina ndikubwerera, tayala lakumbuyo linaphwa pafupi ndi malo ena amalonda. Ndinakankha njinga mpaka kwa mnyamata womata machubu pansi pa mtengo wa mango. Anali ndi njinga zitatu patsogolo panga, choncho ndinadikira pafupifupi ola lathunthu. Pabwalo la mpira tsidya la msewu panali msonkhano wa chipani china: nsalu, ng'oma, zimkuzamawu, zonse. Ndinamvetsera, inde, ndani akanatseka makutu? Tayala litakonzeka ndinalipira, kufika kunyumba, n'kutumiza mapu monga mwa masiku onse.

Lolemba musitafu, ndikuthira tiyi, mnzanga wina anati, "Akulu, ndiye simunatiuze kuti ndinu a uko?" Ndinadabwa. Anatulutsa foni yake n'kundionetsa ulendo wanga womwe. Mzere wa mapu unapatuka pa msewu, kukathera pamphepete pa bwalo lija, ndipo nthawi yonse ya ulendo inaposa nthawi yopalasa ndi ola limodzi. Iye anaphatikiza ziwirizo n'kupeza yankho lake. Anthu anaseka, inenso ndinaseka, ndinafotokoza za tayala. Koma pofika Lachitatu nkhani inali itafika kwa munthu amene sali m'gulu lathu la WhatsApp n'komwe, ndipo za tayala zinali zitagwera m'njira.

Aphunzitsi anzanga, nonse mukudziwa mmene nkhani zoterezi zimayendera pa ntchito yathu. Wina akasamutsidwa kapena akakwezedwa, anthu amafufuza chifukwa chake m'ndale, kaya n'zoona kaya n'zabodza. Palibe chinandichitikira, ndidakali pomwe ndinali. Koma kwa masabata angapo ndinkadzimva ngati ndavala malaya amene sindinagule. Makolo a ana anga ali m'zipani zosiyanasiyana, ndipo sindifuna mwana aliyense azikhala m'kalasi mwanga akuganiza kuti Sala ndi a mbali ina.

Chimene chinandilasa kwambiri chinachokera kwa mayi a kunyumba. Nditawafotokozera, iwo za chipani sanazilabadire. Anatenga foni, kuyang'ana mapu asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kufunsa kuti, "Bambo, mizere yonseyi ikuyambira pakhomo pano, nthawi yake imodzimodzi. Ndiye kuti aliyense akudziwa kuti Loweruka m'mawa ndimatsala ndekha ndi ana mpaka masana?" Ndinasowa choyankha. Ine mphunzitsi wa sayansi, zimenezi sindinaziganizepo.

Chomvetsa manyazi n'chakuti mmene GPS imagwirira ntchito ndimakudziwa, ndipo ndimaphunzitsa. Masetilaiti ake ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 ndipo lililonse limazungulira dziko kawiri pa tsiku. Lililonse limangolengeza kuti lili pati ndiponso nthawi ili bwanji. Uthengawo umayenda pa liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo foni ikamva masetilaiti anayi imawerengera yokha pamene ili. Wotchi ikalakwitsa ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi, malo amaphonyeka ndi mamita 300. Mawotchi a kumwambako amathamanga kuposa a pansi pano ndi timagawo totere pafupifupi 38 pa tsiku, monga mmene mfundo za Albert Einstein zimanenera, ndipo akanapanda kuwakonza, mapu akanamasokera ndi makilomita oposa 10 tsiku lililonse. Mfundo yaikulu pamenepa ndi iyi: setilaiti siidziwa kumene ine ndili. Iyo imangolankhula, foni imangomva. Amene anatenga yankho n'kuligawa kwa anthu ndine ndemwe, ndi chala changa.

Chonditonthoza pang'ono n'chakuti akuluakulu enanso anagwa m'mbuna yomweyi. Mu November 2017 Strava inatulutsa mapu a dziko lonse oonetsa njira zimene anthu ake amathamangamo ndi kupalasamo. Mu January 2018 wophunzira wina wa ku Australia, Nathan Ruser, anaona kuti m'zipululu za ku Syria ndi ku Afghanistan mukuwala timizere tozungulira. Anali asilikali akuthamanga m'misasa yawo, ina mwa iyo yosafunika kudziwika. Mu 2024 nyuzipepala ya ku France ya Le Monde inaonetsa kuti kudzera pa Strava ya asilikali oteteza atsogoleri monga Emmanuel Macron ndi Joe Biden, munthu ankatha kudziwa kumene atsogoleriwo ali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ena a inu munena kuti, "Koma Sala, ngati mulibe chobisa mukuopa chiyani?" Funso limeneli limandikumbutsa malemu bambo anga. Iwo anali ndi njinga ya Humber, ndipo m'kachikwama ka zipanera pansi pa chishalo munkakhalanso khadi la chipani, chifukwa m'nthawi ya chipani chimodzi ayufi ankatha kukuimitsa pachipata cha msika n'kukufunsa khadi. Bambo sanali chigawenga, analibe chobisa. Koma mlendo akafika pakhomo, nkhani za boma zinkathera pomwepo, n'kuyamba za mvula. Ankakonda kutiuza kuti, "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Kwa iwo phazi linali losalakwa. Mphepo ikawomba, mvula ikagwa, phazi lafufutika.

Pa 14 June 1993, tsiku la riferendamu, ndinali mnyamata wa ku pulayimale. Poyamba boma linkafuna kuti pakhale mabokosi awiri, lina la tambala wakuda, lina la nyali. Ofuna matipate anakana, chifukwa aliyense akanaona bokosi limene munthu walowera, mpaka zinatheka kuti bokosi likhale limodzi. Anthu oposa 60 pa 100 alionse anasankha nyali. Bambo anapita kukavota pa Humber yawo ija, anabwerako, ndipo mpaka anamwalira sanatiuze chimene anaponya. Ndikukula m'pamene ndinamvetsa kuti chinsinsi chimene chija n'chimene chinawapatsa anthu mtima wonena zoona. Munthu amene akudziwa kuti akuonedwa amasankha zimene woonayo akufuna.

Lero zinthu zasintha. Mu 2017 tinalembetsa ziphaso za unzika, mu 2018 tinalembetsa ma SIM khadi athu, ndipo nambala ya foni inamangiriridwa ku dzina la mwini wake. Sindikunena kuti zimenezi n'zoipa zokhazokha. Chiphaso chimatithandiza ku banki ndi malo ena ambiri. Malamulo otiteteza aliponso. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa chinsinsi kwa munthu aliyense, kuphatikizapo pa makalata ndi mafoni ake, ndipo mu 2024 tinakhala ndi lamulo lapadera loteteza zokhudza munthu zimene makampani ndi maofesi amasunga. Koma palibe lamulo limene lingateteze munthu amene akudziulula yekha kuti anzake amuombere m'manja. Bambo ankabisa chifukwa cha mantha. Ine ndinaulula popanda wondiopseza aliyense, ndipo phazi langa silinafufutike ndi mvula.

Ndiye pano ndimachita motere. Maulendo anga onse akale ndinawatseka, amaoneka kwa ine ndekha. Ndikafuna manambala a m'kalasi, ndimayatsa Strava nditafika kale pa msewu waukulu ndipo ndimazimitsa ndisanakhotere kwathu. Foni ndimanyamulabe, chifukwa pa M3 minibasi sizipatsa ulemu wa njinga ndipo tsiku la ngozi silidziwika. Ndikudziwa kuti kampani ya foni imadziwabe dera limene ndili kudzera pa nsanja zake, sindidzinamiza. Koma kusiyana kulipo pakati pa zimene sungazipewe ndi zimene ukugawa wekha ngati maswiti. Phunziro la GPS ndimaphunzitsabe, kungoti tsopano ndikamaliza masamu ndimawafunsa ana kuti, "Foni yadziwa pamene uli. Winanso ndani amene ukufuna adziwe?" Kalasi imakhala chete kwa kanthawi, kenako mkangano umabuka, ndipo belu limalira tisanamalize.

Loweruka lapitali ndinakweranso phiri. Penapake ndinaima, kutsamiritsa njinga pamtengo, n'kumwa madzi ndikuyang'ana chigwa cha ku Chilwa chitakutidwa ndi nkhungu. Ndinakhala nthawi yaitali bwanji, ndinaganiza zotani za boma ndi otsutsa, zimenezo n'zanga.

Amene akufuna kupalasa nane, khomo n'lotsekula, bola njinga ikhale ndi mabuleki. Koma tsiku ndi malo okumanira musandifunse pagulu. Mundipeze pamaso, tikambirane ngati anthu.

Aphunzitsi anzanga, chongani bwino makope.