Nyumba ya bwana idasanduka mboni ya njala

Pakati pa dziko la Ireland, m'chigawo cha Roscommon, pali katawuni kotchedwa Strokestown. Eni nthaka m'chinenero chao amati Béal na mBuillí. Anthu okhalamo sakwana 1,000, koma mlendo akafika amayamba wadabwa ndi mseu wake waukulu, umene m'lifupi mwake muli mamita oposa 40. Mseuwu umakathera pa chipata cha miyala cha makomo atatu, ndipo kuseri kwa chipatacho kuli chinyumba chimene mabwana a banja la Mahon adakhalamo mibadwomibadwo.

M'chaka cha 1979 bambo wina wa komweko, Jim Callery, adagula chinyumbachi pamodzi ndi malo ake kudzera mu kampani yake ya Westward Garage. Iye adali wa malonda a magalimoto, ndipo chimene ankafuna ndi malo okuzirapo galaja. Nyumbayo ankati adzaigulitsa. Amene adamgulitsa ndi mai wokalamba, Olive Pakenham Mahon, womaliza wa banjali kukhala m'menemo.

Poyendera zipinda, bambo Callery adapeza milu ya mapepala akale: makalata, mabuku a lendi, mayina a anthu ochotsedwa pa malo. Pa mapepalawo panali kalata imene idalembedwa m'chaka cha 1846 ndi anthu a ku Cloonahee, kumudzi kwao kwa iye mwini. Anthuwo ankadandaula kuti mabanja ao akufa ndi njala, ntchito imene adalonjezedwa sikuoneka, ndipo ankachenjeza kuti kufatsa kwao kuli ndi malire. Atawerenga kalatayo, maganizo ogulitsa nyumba adathera pomwepo.

Kuti munthu amve kulira kwa m'kalatamo ayenera kubwerera m'mbuyo. Banja la Mahon lidapatsidwa dera limeneli m'zaka za m'ma 1600, Angerezi atagonjetsa eni dziko ndi kuwalanda minda. Cha m'ma 1740 Thomas Mahon adamangitsa nyumba imene ilipo lero. Ili ndi chimake pakati ndi mapiko awiri, kwina khitchini, kwina khola la akavalo. Kholalo lili ndi mizati ya miyala ndi denga lokhota ngati la tchalitchi, pamene anthu olima pa esitetiyo ankagona m'tinyumba ta dothi ta chipinda chimodzi.

Khitchini ndiyo imanena zambiri. M'mwamba mwake adamangamo kakhonde kuti dona aziima pamenepo n'kumayang'ana ophika osatsika pansi, ndipo amati ndandanda ya zakudya ankachita kuiponya kuchokera m'mwambamo. Palinso njira yodzera pansi pa nthaka imene antchito ankadutsamo kuti asaoneke pamaso pa bwana ndi alendo ake. Anthu ankakhala pa khomo limodzi zaka ndi zaka, wina kudya thukuta la mnzake, koma osayang'anana m'maso.

Alimi a pa esitetiyo adali pafupifupi 12,000. Tirigu ndi ziweto zinkapita ku lendi, ndipo chakudya chao chidali chimodzi, mbatatesi, imene alimi a ku Angónia ndi Tsangano amaidziwa bwino ndi dzina loti kachewere. Mwamuna wogwira ntchito ankatha kudya makilogalamu 6 pa tsiku. Pa kamunda kakang'ono banja lonse linkakhuta. Koma ambiri ankadzala mtundu umodzi wokha wotchedwa Lumper, ndipo kunalibe nkhokwe ina yothawirako.

M'chaka cha 1845 kudabwera chiwawu cha mbatatesi, matenda omwewa amene mlimi wa kachewere amawaopa kukachita chinyezi. Masamba ankada m'masiku owerengeka, ndipo pokumba anthu ankapeza zoola zokhazokha. M'chaka cha 1846 pafupifupi mbeu yonse idapita. Boma la Britain lidaitanitsa chimanga ku Amereka, koma anthu sankachidziwa kasinjidwe ndi kaphikidwe kake, kotero ambiri chidawapweteka m'mimba. Nthawi yomweyo tirigu ndi ng'ombe zinkatulukabe m'madoko a Ireland kupita kunja. Mwa anthu oposa 8 miliyoni, pafupifupi 1 miliyoni adafa ndipo enanso ochuluka chomwecho adathawira maiko ena. Chigawo cha Roscommon chidataya pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse pakati pa 1841 ndi 1851.

Chaka chimene chiwawu chidafika n'chomwenso Major Denis Mahon adalowa ufumu wa esitetiyo, imene adaipeza ili ndi ngongole zambiri. Alimi sankatha kulipira lendi, ndipo lamulo linkati mwini malo azithandiza kulipira msonkho wosamalira amphawi m'nyumba za boma. Kapitawo wake, John Ross Mahon, adawerengetsa ndalama napeza kuti kukweza munthu sitima kupita ku Canada n'kotchipa kusiyana ndi kumdyetsa chaka chathunthu. Apa mpamene moyo wa munthu udalowa m'buku la masamu.

M'mwezi wa Meyi 1847 anthu 1,490 adanyamuka ku Strokestown, amuna, akazi ndi ana. Adayenda pansi makilomita 165 kutsata ngalande ya Royal Canal mpaka ku Dublin. Kuchoka apo adaolokera ku Liverpool, kumene adawagawa m'sitima zinayi: Virginius, Naomi, John Munn ndi Erin's Queen. Anthu adali atafooka kale ndi njala, m'sitimamo adapanikizana, madzi ndi chakudya zidapelewera, ndipo matenda a malungo ofalitsidwa ndi nsabwe adawagwira. Mu Virginius mudakwera anthu 476, ndipo 158 adafera pa nyanja naponyedwa m'madzi. Ena ambiri adakafera pa chilumba cha Grosse Île pafupi ndi Quebec, pamene odwala ankabindikiritsidwa. Ana amasiye adatengedwa ndi mabanja olankhula Chifalansa, ndipo zidzukulu zao zikadali ku Canada.

Mbiri yoipa sigona panjira. Uthenga wa maliro udafika ku Strokestown, ndipo pa 2 Novembala 1847 Major Mahon adaomberedwa ndi mfuti madzulo akuchokera ku msonkhano m'tawuni ya Roscommon. Anthu ena adayatsa moto pa zitunda posangalala. Boma lidagwira anthu, ena lidawanyonga. Wansembe wa pamalopo, Michael McDermott, adanenezedwa kuti ndiye adautsa mitima ya anthu pa guwa, koma iye adakana. Imfa ya bwanayo sidapulumutse aliyense. Kuchotsa anthu kudapitirira, ndipo m'chaka cha 1848 bishopu wa deralo adasindikiza m'nyuzipepala mndandanda wosonyeza kuti anthu oposa 3,000 adachotsedwa pa esitetiyo. Mwana wamkazi wa Major Mahon, Grace Catherine, amene adali atangokwatiwa kumene, sadabwererenso ku nyumba ya bambo ake.

Nyumba zambiri za mabwana ku Ireland zidatenthedwa pa nthawi yomenyera ufulu ndi nkhondo ya pachiweniweni pakati pa 1919 ndi 1923, ndipo zina zidangogwa zokha eni ake atachoka. Munthu wodziwa zimene zidachitika sangadabwe ndi mkwiyo umenewo. Koma nyumba ya ku Strokestown ikadapsa, kalata ya anthu a ku Cloonahee ikadapsera momwemo. Amphawi aja sadasiye manda olembedwa mayina, ndipo tinyumba tao tidagwetsedwa n'kusanduka msipu wa ng'ombe. Malo okha amene mayina ao adatsala ndi m'mabuku a munthu yemwe adawachotsa. Kapitawo ankalemba kuti adziwe amene ali ndi ngongole, osadziwa kuti akusungira zidzukulu umboni.

Bambo Callery adasunga nyumbayo ndi katundu wake, ndipo kampani yake idaika ndalama zambiri poikonza. Mapepala adapezeka kuti ndi oposa 50,000. M'chaka cha 1994 Pulezidenti Mary Robinson adatsegula nyumba yokumbukira njala m'bwalo la makola a akavalo. Kuyambira 2015 malowa akusamalidwa ndi bungwe la Irish Heritage Trust, ndipo adakonzedwanso n'kutsegulidwa mwatsopano mu 2022. Njira imene anthu 1,490 aja adadutsa tsopano imatchedwa National Famine Way, ndipo m'mbali mwake adaikamo tinsapato ta ana topangidwa ndi mkuwa, kuti woyenda akumbukire kuti ambiri mwa iwo adali ana. M'tawunimo mulinso tchalitchi chakale cha St John, cha makoma 8, chomangidwa cha m'ma 1820. Mapemphero adaleka m'menemo, ndipo chidasanduka malo amene anthu ochokera ku Amereka ndi Canada amabwera kudzafufuza mayina a makolo ao.

Sikuti onse amagwirizana pa za Major Mahon. Ena amati adali munthu wopanikizidwa ndi ngongole amene adalipira ulendo wa anthu pamene mabwana ena ankangowatayira pa mseu. Ena amati adadziwa bwino chimene ankachita. Mkanganowu ukutheka chifukwa makalata ake alipo, ndipo aliyense angathe kuwerenga yekha. Pakadapanda mapepala, pakadatsala mphekesera zokha.

Awerengi a m'malire muno sasowa wowauza za kusiya mudzi ndi katundu pamutu, kapena za chimanga chachikasu cha chithandizo pa chilala cha 1992. M'midzi yambiri mukadali sitolo yakale ya atsamunda yopanda denga, buku la ubatizo ku mishoni limene chiswe chayamba kulawa, ndi khadi la chakudya la kumsasa wa othawa nkhondo limene agogo adalisunga pansi pa sutukesi. Zinthu zotere zimaoneka zachabechabe, ndipo zina zimautsa chilonda. Kalata ya ku Cloonahee nayo idagona m'fumbi zaka 133 isanapeze woiwerenga, ndipo amene adaipeza adali mwana wa mudzi womwewo wobwera kudzafuna malo oimikapo magalimoto. Mwana amene adzafunse kumene agogo ake adachokera mwina sanabadwe, choncho pepalalo lisayatsire moto.