Madzi obiriwira a ku Chivero

Kuchoka mu Harare kutsata msewu wa ku Bulawayo, sipatha ola usanafike ku damu la Chivero. Ndinakwera kombi ya ku Norton n'kutsikira panjira. Fungo ndi lomwe linayamba kundilonjera, madzi ndisanawaone n'komwe.

Kugombe komwe mphepo imakankhira zinyalala, madzi anali ngati wina wakhuthuliramo penti wobiriwira. Ndinatunga pang'ono m'botolo n'kulozetsa kudzuwa. Timibulu tobiriwira tinali kuyandama, ndipo nditaliimika pamwala tonse tinakwera pamwamba. Msodzi wina wachikulire, yemwe makolo ake anachokera ku Dedza, anandikuwira m'Chichewa: "Achimwene, musasambe m'manja ndi amenewo, mudzakanda usiku wonse!"

Timibuluti ndi ndere zosaoneka bwino ndi maso, za mtundu wa Microcystis. Akatswiri a zamadzi akafuna kudziwa umoyo wa damu, amaika dontho pa maikulosikopu n'kuwerenga mitundu ya ndere. Madzi abwino amakhala ndi mitundu yambiri yosakanikirana. Mtundu umodzi ngati uwu ukalanda malo onse, ndiye kuti m'madzimo mwadzaza phosphorus ndi nitrogen, chakudya chomwe ndere zimanenepa nacho.

Chakudyacho sichichokera kutali. Damuli linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, kumunsi kwa mzinda. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imatsika ndi zonyansa za m'zimbudzi, za m'mafakitale ndi feteleza wa m'madimba, zonse kulowa momwe Harare imatunga madzi akumwa. Zinandiwawa mtima, chifukwa ndere zinayamba kuchenjeza kalekale, m'zaka za m'ma 1960 damuli likutchedwabe McIlwaine.

Microcystis imatulutsa poizoni wowononga chiwindi. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi za m'paki yoyandikana ndi damuli zinafa zitamwa madziwa, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu ndi nkhwazi, ndipo bungwe loyang'anira nyama zakutchire la ZimParks linaletsa usodzi. Msodzi wachikulire uja anapukusa mutu: "Chipembere chikafa dziko lonse limva. Ife nsomba takhala tikuzitola zitafa, ndani anabwera?"

Madzi omwewa amapopedwa kupita kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray. Ndere zikachuluka zimatseka masefa, mankhwala amalowa ochuluka, ndipo ndalama yake imatuluka m'thumba la mayi wa ku Mbare kapena Highfield mu Harare amene mpopi wake umatha masiku uli gwa.