Olemba Nyuzi ndi Woyimba wa ku Zanzibar

Makolo athu anati, Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mwambi uwu utikhudza ife tonse odziwa kuwerenga, pakuti zambiri zimene tiyesa kuti tizidziwa tinazilandira kwa munthu wina amene anakatimverera, nazilemba papepala. Mwezi uno tifuna kuyesa amithenga otere pa mlandu umodzi wa ku Britain, ndiwo wa momwe nyuzi zinalembera za gulu la oyimba lotchedwa Queen, ndi za Freddie Mercury amene ankatsogolera nyimbo zake.

Munthuyu anabadwira ku Zanzibar m'chaka cha 1946, ndipo dzina lake la ubwana linali Farrokh Bulsara. Makolo ake anali ochokera ku India, ndipo komweko anamtumiza kukaphunzira. Pamene chipolowe chinabuka pachisumbupo m'chaka cha 1964, banja lonse linathawira ku England. Ku London, mu 1970, iye ndi Brian May wa gitala ndi Roger Taylor wa ng'oma anayamba gulu lawo. John Deacon anawapeza chaka chinzake.

Masiku amenewo kunkatuluka sabata ndi sabata nyuzi zonena za nyimbo zokhazokha. Zazikulu zinali Melody Maker, imene inayamba mu 1926, New Musical Express ya 1952, ndi Sounds. Mnyamata asanapereke ndalama yake pa mbale ya galamafoni, ankayamba waona chimene olembawo anena. Motero mawu awo anali olemera ngati a nduna pabwalo la mfumu.

Tsono olemba ambiri sanamkonde Mercury. Iwo ankafuna woyimba wovala monga anthu wamba, woyimba nyimbo zazifupi ndi zaukali. Koma uyu ankavala zonyezimira, nayenda pamaso pa khamu monga mfumu. Mu October 1975 gululo linatulutsa nyimbo yotchedwa Bohemian Rhapsody, yautali pafupi mphindi 6, yosakaniza mayimbidwe atatu kapena anayi. Wolemba wa Melody Maker anaiyesa chinthu chokongola pamwamba pokha, chosokedwa ndi zigamba za eni ake. Koma anthu atangoimva pa wailesi anathamangira kukaigula, ndipo inaposa nyimbo zonse za m'dzikomo masabata 9. Mu 1977 New Musical Express inacheza ndi Mercury, niika pamwamba pa nkhaniyo mutu wofunsa ngati munthuyu ali chitsiru. Mu 1979 wolemba wa Rolling Stone, ku America, anafanizira gululo ndi olamulira ankhanza amene akondwera kuona khamu likuwagwadira. N'zosadabwitsa kuti Mercury anayamba kuwapewa olemba nyuzi.

Ife amene tikhala ndi ana m'sukulu tiidziwa nthenda imeneyi. Mphunzitsi akaipidwa ndi mayendedwe a mwana, dzanja lake lilemera pochonga ngakhale samu zimene mwanayo wakhoza. Olemba aja anatumidwa kukamva nyimbo, koma anabwera ndi mbiri ya malaya ndi ya matama. Kunyada kwa woyimbayo mwina kunalipo ndithu. Koma kunyada ndi mlandu wina, luso la mawu ndi mlandu winanso, ndipo woweruza wolungama sasakaniza iwiriyi.

Koma tisafulumire kunena kuti nyuzi zinalakwa pa zonse. Mu October 1984 a Queen anapita kukayimba ku Sun City, malo a masewera m'chigawo cha Bophuthatswana, chimene boma la tsankho la South Africa linachitcha dziko lapalokha. Bungwe la United Nations linali litapempha oyimba onse kuti asapite kumeneko kufikira tsankho litatha. A Queen anayankha kuti iwo sali andale, ndi kuti anayimbira anthu akuda ndi oyera pamodzi. Nyuzi zinawadzudzula kolimba, ndipo bungwe la oyimba la ku Britain linawalipiritsa. Apa olembawo ananena zoona. Amuna a kwathu amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, nayenda ndi chiphaso m'thumba, akadatha kuwauza oyimbawo kuti nyimbo ya mlendo wotchuka inali ngati laimu wopaka pa khoma long'aluka. Patapita zaka zambiri Roger Taylor mwini anavomera kuti ulendowo unali wolakwa.

Chaka chinzake, pa 13 July 1985, gululo linayimba ku Wembley pa msonkhano wa Live Aid, wosonkhetsa ndalama za njala ya ku Ethiopia. Anapatsidwa mphindi ngati 20 zokha, pamaso pa anthu 72,000, ndipo khamu lonse linawomba m'manja pamodzi ngati munthu mmodzi. Kufikira lero ambiri ayesa mphindi zimenezo zopambana m'mbiri ya nyimbo zotere. Mercury anamwalira pa 24 November 1991, tsiku limodzi atalengeza kuti akudwala Edzi. Ndipo miyezi yomaliza ya moyo wake, ojambula a nyuzi za miseche ankabisalira pakhomo pake kuti aone kuwonda kwake. Atamwalira, nyimbo ija ya zigamba inakweranso pamwamba masabata 5. Sounds inaleka kutuluka chaka chomwecho, ndi Melody Maker mu 2000.

Kodi tiphunzirapo chiyani, owerenga okondedwa? Powerenga masamba akale aja tiona kuti mawu onena za chimene wolemba anakonda kapena kuda anafota msanga, koma mawu onena za chimene oyimbawo anachitira anzawo oponderezedwa akali chiimire. Chifukwa chake nyuzi ikafika m'mudzi mwanu, ndipo anthu akasonkhana kuti muwawerengere, dzifunseni pa nkhani iliyonse: kodi wolembayu akutiuza chimene munthu wachita, kapena angotiuza kuti nkhope yake siimkondweretsa? Pa choyambacho mverani, nimufunse umboni wake. Pa chachiwiricho musatume Kandimverere. Nyimbo ili ndi makutu anu omwe, pitani mukadzimvere nokha.