Ulendo wa ku Chipera

Ndayendetsa galimoto zaka zambiri m'misewu ya phula ya mumzinda wa Lilongwe, kotero kuti ndinkadziyesa katswiri. Pamene anzanga ena okonda maulendo a m'tchire anandipempha kuti nditsagane nawo ku Chipera, m'boma la Maravia, chigawo cha Tete ku Mozambique, ndinavomera mosazengereza. Tinalipo anthu 11 m'galimoto zinayi zokoka ndi mateyala onse anayi. Anzangawo anali atayendapo maulendo otere kangapo konse. Wachilendo ndinali ine ndekha, ndiponso galimoto inali yobwereka kwa alamu anga. Ndikulemba izi, abale ndi alongo, kuti wina akadzaitanidwa pa ulendo wotere asadzagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine.

Madzulo oti mawa lake tinyamuka, mtsogoleri wathu, bambo wachikulire wa imvi, anayendera galimoto iliyonse. Anafuna kuona mateyala awiri apadera, fosholo, chingwe chokokera, chopopera mateyala, zigubu za madzi akumwa ndi za dizilo, hema, neti ya udzudzu, mankhwala a malungo ndi mapepala a galimoto. Atatha anatipatsa lamulo limodzi lokha. Anati, "Aliyense asamale galimoto imene ili pambuyo pake. Pamphambano musakhote kufikira mnzanuyo atakuonani. Akasowa pa galasi, imani." Ine anandiika wachitatu pamzere, pakati pa odziwa, ndipo mumtima ndinanyinyirika poganiza kuti akundiyesa mwana.

Unali mwezi wa Julaye, mvula itatha kalekale. Tinadzera ku Mchinji, Chipata ndi Katete, n'kulowa m'Mozambique pa chipata cha Chanida, chimene tsidya linalo amachitcha Cassacatiza. Tinatsata msewu wa phula wopita ku Tete mpaka pa Bene, pomwe tinakhotera kumadzulo mu msewu wa fumbi wopita ku Fingoè, likulu la boma la Maravia, umenenso umapitirira mpaka ku Zumbo. Tsiku lachiwiri tinausiya nawonso msewu umenewo n'kulowera kummwera, pakuti Chipera ali m'mapiri a kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa.

Ngakhale tinawoloka malire awiri, sitinamve ngati tili m'dziko la eni. Dzina loti Maravia likuchokera ku dzina la makolo athu Amaravi. Kuno, m'dera la mtsinje wa Kapoche, n'kumene Undi anakhazika likulu lake la Mano atapatukana ndi Kalonga. M'zaka za m'ma 1930 mpando wa Undi unasamukira ku Zambia, ndipo lero uli ku Mkaika m'boma la Katete, kumene mafumu a Achewa a m'maiko atatu amasonkhana pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Tikaima kufunsa njira, Chipwitikizi chimene tinaloweza chinalibe ntchito: anthu ankatiyankha m'chinenero chathu chomwe, mwina chosakanikirana ndi Chinsenga kapena Chinyungwe.

Dzuwa litapendeka tinafika pa mtsinje wouma, wotambalala, wamchenga wokhawokha. Mtsogoleri anatsika, nayenda pansi mpaka tsidya, akupondaponda kuti amve pamene mchenga walimba. Pobwera anatiuza kuti tiphwetseko mateyala kuchoka pa 2.2 kufika pa 1.5, tiike giya yamphamvu ya pang'onopang'ono, ndipo tikalowa mumchengamo tisasinthe giya kapena kuima. Kenaka anafunsa kuti, "Alipo amene sanamvetse?" Ine ndinakhala chete. Choonadi n'chakuti kachitsulo kosinthira giya yamphamvuyo ndinali ndisanakagwirepo chibadwire, ndiponso kuphwetsa teyala labwinobwino ndinkakuona ngati misala. Ndinatulutsa mpweya pang'ono chabe, kuti anzanga aone ngati ndamvera.

Galimoto ziwiri zinawoloka mosavuta. Ine ndinalowa ndi liwiro, ndipo nditafika pakati galimoto inayamba kulemera. Mantha atandigwira ndinasintha giya, pomwepo galimoto inaima. Ndinaponda mafuta mwamphamvu, mateyala n'kumangozungulira pamodzimodzi akudzikumbira dzenje, mpaka mimba ya galimoto inakhala pamchenga. Fungo la kilatchi yopserera linadzaza m'katimo. Ndinazimitsa injini, manja akunjenjemera, ndikuganiza za mawu amene ndikawauze alamu anga, galimoto yawo itatsala mumtsinje kutali ndi makaniko aliyense.

Wapatsogolo panga anali ataima kale tsidya lija, monga mwa lamulo. Posakhalitsa anyamata ndi abambo a m'mudzi wapafupi anafika ndi makasu. Tinakumba mchenga pansi pa galimoto, tinaikweza ndi jeke woikidwa pa thabwa, tinayala nthambi ndi miyala pansi pa mateyala. Mtsogoleri anagwada n'kuphwetsa yekha mateyala anga, akundionetsa mmene teyala lofewa limagonera pansi motalika, kulemera kwa galimoto n'kugawikana pa malo aakulu, pamene teyala lolimba limaboola mchenga ngati chikhasu. Anandigwira dzanja n'kundionetsa kalowetsedwe ka giya ija. Patapita maola awiri, galimoto ina itatikoka ndi chingwe, tinatuluka. Sanandikalipire ngakhale pang'ono. Koma agogo ena aamuna amene ankaonerera atatsamira ndodo, atamva mmene zinayambira, anangoti, "Mwana wanga, safunsa anadya phula." Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo, nkhope ili pansi.

Chifukwa cha ine, gulu lonse linalephera kufika kumene linakonza kukagona. Ndinapereka maganizo oti tingomanga mahema pamchenga pomwepo poti panali pofewa, koma mtsogoleri anakana. Anati mtsinje wouma ndi njira ya nyama zofuna madzi usiku, ndipo nthawi ya dzinja madzi amatha kutsika modzidzimutsa kuchokera kumapiri ngakhale pamalopo pasanagwe dontho. Anawonjeza kuti palibe tchire lopanda mwini. Choncho tinapita kwa amfumu, titanyamula mchere, shuga ndi sopo. Tinakhala pansi, tinaomba m'manja, mtsogoleri n'kunena kuti, "Zikomo mfumu, ndife alendo, dzuwa latithera m'dziko lanu." Amfumu anatiloza pansi pa mtengo wa mlambe kuseri kwa nyumba yawo, natumiza ana kuti atibweretsere nkhuni.

Usiku umenewo amfumu anadzaotha nafe moto. Anatisimbira za nkhondo yapachiweniweni imene inabalalitsa anthu a m'dera lawo, ena n'kuthawira ku Ukwimi, kudera la Petauke ku Zambia. Ife Amalawi tinakumbukira kuti dziko lathu nalo linasunga anthu othawa nkhondoyo oposa 1 miliyoni. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, napeza minda itasanduka thengo ndiponso njira zina zitatcheredwa mabomba okwirira. Mu 2015 dziko la Mozambique linalengeza kuti malo onse odziwika kuti munali mabomba otere ayeretsedwa. Komabe amfumu anatilangiza kuti mlendo asamangolowa m'tchire asanafunse eni mudzi. Ndinagona ndikulingalira kuti mawu omwewo ndawamva kawiri tsiku limodzi. M'mawa tinakutumula nsapato kuopa zinkhanira, tinazima moto ndi dothi, tinatola zinyalala zathu zonse, n'kutsazika.

Chipera ndi malo aang'ono, amodzi mwa malo anayi oyendetsera boma la Maravia. Titagula tomato ndi nsomba zouma kumeneko, tinatsetserekera kunyanja m'njira ya miyala, mmene ndinaphunziramo kutsika phiri ndi giya m'malo mwa mabuleki, ndi kusalowetsa zala zazikulu m'kati mwa chiwongolero, poti chikabwerera mwamphamvu chimathyola chala. Kenaka madzi anaonekera pakati pa mapiri. Nyanja imeneyi ndi yopangidwa ndi anthu. Mu 1858 David Livingstone analephera kupitirira ndi sitima yake ya Ma Robert chifukwa cha mathithi a m'chigwa chimenechi cha Zambezi. Pakati pa 1969 ndi 1974 Apwitikizi anamanga khoma lalitali mamita 171 pafupi ndi Songo, madzi n'kubwerera m'mbuyo mtunda wa makilomita oposa 200. Mu 2007 Mozambique inatenga gawo lalikulu la umwini wa damulo kuchokera kwa Portugal. Magetsi ake ambiri amapita ku South Africa, koma pamene tinagona ife kuunika kunali kwa moto ndi nyali za asodzi a kapenta zimene zinkaphethira patali pamadzi. Asodzi anatichenjeza za ng'ona ndi mvuu, ndipo ulendo uno ndinafunsa ndekha potungira madzi.

Pobwerera tinafikanso pa mtsinje uja. Ndinatsika, ndinayenda pansi pambuyo pa mtsogoleri, ndinamupempha kuti ayeze mateyala anga, ndipo ndinawoloka pang'onopang'ono osaima. Titayenda ngati ola limodzi, ndinayang'ana pa galasi n'kuona fumbi langa lokha. Galimoto yachinayi kunalibe. Ndinaima. Wapatsogolo panga ataona kuti ndasowa anaimanso, chimodzimodzinso mtsogoleri. Titabwerera tinapeza mnzathuyo, amene wayenda maulendo otere zaka zambiri, teyala litang'ambika ndi mwala, jeke wake atakana kukwera. Anagwiritsa ntchito wanga.

Choncho kwa inu amene mudzaitanidwe koyamba, pitani. Dziko la makolo athu n'loyenera kuliona ndi maso. Pitani nthawi yachilimwe, ndipo musapite ndi galimoto imodzi. Galimoto ikakhala yobwereka, iphunzireni musananyamuke. Mukafunsidwa ngati mwamvetsa, nenani zoona pamaso pa onse, pakuti manyazi a mphindi imodzi ndi opepuka kusiyana ndi maola awiri amene ine ndinadyera anthu khumi. Galimoto ya alamu anga ndinaibweza yamoyo, ndipo nkhani ya mumchenga ija ndinawauza ndekha asanaimve kwa ena.