Mvukuto wa m'injini unasiya kuchedwa, ife tikuubwezera m'mbuyo

Galimoto ya turbo ya m'zaka za m'ma 1970 inali ndi khalidwe limene aliyense woigwira chiwongolero ankalidziwa. Ukaponda moto, inkayamba yakhala duu ngati sinamve. Pakapita sekondi imodzi kapena awiri, mphamvu yonse inkabwera kamodzin'kamodzi ngati madzi osefukira, mwina uli pakati pokhota. Kuchedwa kumeneku amakaniko amakutcha turbo lag. M'moyo wanga womwe uno ndaona vutoli likuchepa mpaka kutsala pang'ono kutheratu m'magalimoto ochokera kufakitale, koma likubwereranso m'magalaja, kumene eni magalimoto amachotsa turbo yobadwa nayo n'kuikamo yaikulu. Mfundo yanga ndi yakuti kuchedwaku sikunagonjetsedwe ndi ukulu wa chitsulo. Kunagonjetsedwa ndi kupepuka kwake, ndiponso kugwirizana kwa turbo ndi injini imene ikuitumikira. Wokonza galimoto amene sakumvetsa zimenezi amalipira ndalama zambiri kugula matenda omwe akatswiri anatha zaka makumi anayi akuwachiza.

Turbo ndi mvukuto, koma woupopa wake ndi utsi. Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa luso limeneli mu 1905: timagudumu tiwiri ta timapiko tili pamtengo umodzi wachitsulo, kamodzi kakuzunguzidwa ndi utsi wotuluka m'injini, kanzake kakukankhira mpweya m'kati kuti mafuta ambiri apse. Kuti ntchito ioneke, timagudumuto timayenera kuzungulira maulendo oposa 100,000 pamphindi. Pagona vuto ndi apa. Injini ikamayenda pang'onopang'ono utsi umachepa, ndiye mvukuto sufulumira; mvukuto ukapanda kufulumira mpweya sukwana, ndiye utsi suchuluka. Chilichonse chikudikira chinzake. Pali kuchedwa kwa mitundu iwiri kumene anthu amakusokoneza. Kwina n'kwakuti injini ili pansi kwambiri moti utsi wake sungadzutse turbo ngakhale mutadikira tsiku lonse, ndipo mankhwala ake nthawi zambiri ndi kutsitsa giya basi. Kwinako, komwe ndi lag yeniyeni, ndi nthawi imene kagudumu kamatenga kuti kafike paliwiro utsi uli wokwanira kale. Anthu ambiri agula zipangizo zodula pofuna kuchiza koyambako, chonsecho dzanja lamanzere likanawathandiza kwaulere.

Magalimoto oyamba a turbo ogulitsidwa kwa anthu wamba, Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair, anatuluka ku America mu 1962 ndipo sanakhalitse. Imene inatchukitsa vutoli ndi Porsche 911 Turbo ya 1975. Inali ndi turbo imodzi yaikulu, ndipo pofuna kuti injini isaphulike, anaichepetsera mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda. Zotsatira zake, turbo isanadzuke galimoto inali yofooka, ikadzuka inali chilombo, injini ili kumbuyo kwa matayala. Anthu anaipatsa dzina lonena kuti imasiya akazi ali amasiye, ndipo dzinalo silinali loseketsa. Renault italowetsa turbo mumpikisano wa Formula 1 mu 1977, oyendetsa anachita kuphunzira kuponda moto asanamalize kukhota, kuyerekeza m'mutu nthawi imene mphamvu ifike.

Tayang'anani bwino njira zimene zinathetsa vutoli, muona kuti zonse zikuloza kumodzi. Mu 1985 Nissan inaika kagudumu ka ceramic, kopepuka kuposa kachitsulo, mu Fairlady Z. Porsche 959 ya 1986 inabwera ndi maturbo awiri ogwira ntchito motsatizana, imodzi kuyamba yokha, inzake kulowa injini ikakwera. Mazda RX-7 ndi Toyota Supra ya 1993 zinatsata njira yomweyo. Mitsubishi Lancer Evolution IV ya 1996 inagawa njira ya utsi pawiri kuti masilinda asamasokonezane popuma. Kenako kunabwera turbo ya timapiko tosuntha, timene timapanikiza njira ya utsi injini ikakhala pansi, monga momwe munthu amatsinira kukamwa kwa payipi kuti madzi athamange, n'kuitsegula injini ikakwera. Luso limeneli linayamba kufala m'injini za dizilo chifukwa utsi wake sutentha ngati wa petulo, umene umayandikira madigiri 1,000, ndipo mu 2006 Porsche inaliika mu 911 Turbo ya petulo. Amene amayendetsa Hilux ya D-4D ya malita atatu m'misewu yathu ali nalo pansi pa boneti, mwina osadziwa. Pomalizira pake magetsi analowererapo: Formula 1 inabwereranso ku turbo mu 2014 ili ndi mota yozungulitsa kagudumu utsi usanafike, Audi SQ7 ya 2016 inabwera ndi chopopera mpweya chamagetsi, ndipo mu 2022 Mercedes-AMG inaika mota m'kati mwa turbo mwenimwenimo. Palibe mwa akatswiri onsewa amene anati mankhwala ndi kukulitsa turbo.

Chifukwa chake chili m'masamu osavuta. Kagudumu kakakula mbali zonse, ulesi wake poyamba kuzungulira sukula mofanana ndi msinkhu wake. Umakula mowirikiza kwambiri. Kukulitsa kagudumu ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kumachititsa kuti kavute kudzutsa kuwirikiza pafupifupi kawiri ndi theka. Onjezani pamenepo intercooler, yomwe imaziziritsa mpweya, yaikulu ngati chitseko ndi mapayipi otakata aataliatali, amene ayenera kudzaza mpweya injini isanalawe kanthu, ndiye mwadzimangira nokha galimoto ya 1975. Kumtunda zinthu zimanyanya, chifukwa mpweya ndi wopepuka: Johannesburg, kumene kukonza magalimoto motere kuli ponseponse, ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo Lilongwe pamamita oposa 1,000. Turbo imene imayankha bwino ku Durban imachita ulesi ikakwera phiri. Zimene zimathandizadi sizikopa maso. Sankhani turbo yaing'ono kwambiri imene ingakwanitse mphamvu yomwe mukufuna, osati yaikulu imene ingalowe pamalopo. Fupikitsani mapayipi. Funafunani pothawira mpweya, pakuti payipi yong'ambika pang'ono kapena kalampu yomasuka imadya mphamvu mwakachetechete. Tsegulani njira ya utsi kuseri kwa turbo kuti usabwerere m'mbuyo. Pa dizilo, timapiko tosuntha tija timamatirira ndi mwaye, ndipo galimoto imene mwini wake akuti yafooka nthawi zambiri imangofuna kutsukidwa. Kenako kompyuta ya injini ikonzedwe ndi munthu amene amayang'ana mmene galimoto ikuyankhira pansi, osati nambala yapamwamba yokha.

Ena anditsutsa kuti turbo yaikulu imapereka mphamvu imene yaing'ono singaifike, ndipo n'zoona. Kwa galimoto yothamanga mtunda wowongoka wa mamita 400, yomwe imanyamuka injini ili kale m'mwamba, kusankha kotero kuli bwino. Koma galimoto ya pamsewu imakhala moyo wake wonse pakati, kudutsa thiraki pamtunda, kutuluka pamphambano, kukwera chitunda itanyamula anthu. Pamenepo chofunika ndi mphamvu yofika pamene phazi laipempha. Ena amati pali anti-lag, ija imaphulitsa moto kupayipi ya utsi ngati mfuti. Njirayi ndi ya magalimoto a rally: mafuta amapsera m'njira ya utsi m'malo mwa m'silinda kuti kagudumu kasatsike liwiro. Imagwiradi ntchito, koma imawotcha turbo ndi mapayipi, ndipo magulu a mpikisano amaipirira chifukwa amasintha zipangizo pafupipafupi. Munthu amene turbo yake anaiitanitsa kunja n'kudikira milungu alibe mwayi woterowo.

Chitsutso chimene chimandivuta kwambiri n'cha amene amati kuchedwa kuja ndiye kunali kukoma kwake, kuti kudikira kenako n'kukankhidwira kumpando kunkapatsa galimoto mzimu umene zatsopanozi zilibe. Sindikukana, thupi limamva kusintha kwadzidzidzi kuposa mphamvu yobwera mosalala, n'chifukwa chake galimoto yochedwa imamveka yothamanga kuposa mmene ilili. Koma kumva kuthamanga ndi kuthamanga ndi zinthu ziwiri, ndipo kukankha kumeneko kumakoma pamsewu wouma wopanda anthu. Misewu imene ambiri timayendamo ili ndi njinga za kabaza m'mbali, ana ochokera kusukulu, mbuzi, ndi matope a mvula yoyamba. Galimoto yothamanga makilomita 100 paola imadutsa pafupifupi mamita 28 pasekondi iliyonse. Woyendetsa amene watulukira mbali ina kuti adutse basi, turbo yake n'kumuchedwetsa sekondi imodzi ndi theka, wayenda mamita oposa 40 m'njira ya eni ake mphamvu isanafike, ndipo ikafika imapeza matayala akumbuyo ali pamchenga wa m'mphepete.