Kagetsi kofiira ka oyilo pa Prado yako

Wokondedwa mphwanga,

  Uthenga wako ndaumva, woti kagetsi kofiira ka oyilo pa Prado yako kayamba kuphethira injini ikatentha, makamaka ukaima pa maloboti, ndipo ukaponda moto kamazima. Wati oyilo ndi wodzaza, komanso anzako akukulimbitsa mtima kuti ndi waya chabe. Chonde galimotoyo usayendenso nayo mpaka itapimidwa. Ndikufotokozera chifukwa chake kuyambira kutali, pakuti ukadziwa kumene kagetsi kameneka kanachokera, udzazindikira zimene kamatha kukuuza ndi zimene sikangathe.

Nkhaniyi inayamba galimoto zisanafale. Mu 1883, ku England, injiniya wina dzina lake Beauchamp Tower ankafufuza mmene ekiselo ya sitima yapamtunda imazungulirira mkati mwa bering'i. Anaboola kabowo pamwamba pa bering'iyo kuti azithirirapo oyilo. Ekiselo itayamba kuzungulira, oyilo anayamba kutulukira pa kabowo kaja. Anatsekapo ndi chotsekera, chinakankhidwa. Anakhomerapo kamtengo, nakonso kanatuluka. Atalumikizapo geji, muvi unapitirira malire ake a 200 psi. Mu 1886 Osborne Reynolds wa ku Manchester anafotokoza chimene chinkachitika: chitsulo chikamazungulira chimakokera oyilo kunsi kwake, oyiloyo amapanikizika, n'kuchinyamula. Ndiye kuti mu injini yako kiranki siyenera kukhudza bering'i ngakhale pang'ono. Imayandama pa oyilo mu mpata wosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Oyiloyo akangosiya kufika, chitsulo chimayamba kudya chinzake.

Galimoto zoyambirira zinalibe njira yotsimikizika yofikitsira oyilo pamenepo. Zina zinali ndi kathanki kodonthezera, ndipo dalaivala ankaona madontho akugwa m'kagalasi kutsogolo kwake. Ford Model T, yomwe inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, inalibe pampu ya oyilo n'komwe. Flywheel ndi imene inkawaza oyilo, wina n'kumatsikira m'kapaipi kupita kutsogolo kwa injini. Inalibenso dipstick. Mwini wake ankawerama pansi pa galimoto n'kutsegula timipopi tiwiri: kam'munsi kakapanda kutulutsa kanthu, ndiye kuti oyilo wachepa. Kwa injini yoyenda pang'onopang'ono zimenezi zinkakwanira. Injini zitayamba kuthamanga ndi kunyamula katundu wolemera, kuwaza kunaperewera, ndipo opanga anaika pampu yokankha oyilo kudzera m'timisewu toboola mu bloko ndi mu kiranki. Kusinthaku kunatenga nthawi. Injini za Chevrolet za masilinda 6 zinkadalirabe kuwaza pa mabering'i ena mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950.

Pampu itabwera, panafunika njira yodziwira ngati ikugwira ntchito. Anatenga geji imene Eugène Bourdon wa ku France anatulukira mu 1849, ya kapaipi kopindika kamene kamawongoka kakapanikizidwa mkati, n'kusuntha muvi. Oyilo weniweni ankakwera m'kapaipi kuchokera ku injini mpaka pa dashibodi. Ine geji imeneyi ndimailemekeza kwambiri. Dalaivala watcheru ankaidziwa injini yake: m'mawa muvi uli pamwamba, injini ikatentha utsikako, ndipo miyezi ikamapita n'kuona kuti ukutsikiratsikira, ankadziwa kuti mabering'i akutha nthawi ikadalipo.

Koma si onse ankayang'ana geji. M'zaka za m'ma 1930 kampani ya Hudson ya ku Detroit inayamba kuika kagetsi m'malo mwa muvi, ndipo m'kupita kwa nthawi ena ambiri anatsatira. Kagetsi kamakopa maso, komanso n'kotsika mtengo. Kumbuyo kwake kuli switchi yaing'ono yomangidwa pa bloko. Pulesha ikakhalapo imalekanitsa zitsulo ziwiri mkati mwake, kagetsi n'kuzima. Ikagwa, zitsulozo zimagundana, kagetsi n'kuyaka. N'chifukwa chake kamayaka ukangopotokola kiyi, kenako n'kuzima injini ikalira. Vuto lake ndi lakuti switchi zambiri zimayatsa kagetsi pulesha itatsika kale kwambiri, pafupifupi 0.3 bar, pamene injini yabwino ikamathamanga imakhala ndi 3 kapena 4 bar. Pakati ponsepo kagetsi kamangokhala chete. Panafika poti galimoto zina, monga Ford Explorer za m'ma 1990, zinali ndi muvi pa dashibodi koma kumbuyo kuli switchi yomweyo, moti muviwo unkangoima pakati malinga pulesha isanathere pansi.

Tsono uone pamene anzako akusokonezera. Kagetsi kofiira sikayeza kuchuluka kwa oyilo. Galimoto zina zili ndi kena kachikasu kochenjeza za kuchepa, koma kofiira kamanena za pulesha. Sampu ikhoza kudzaza, oyilo osafika pa bering'i. Ndipo pampu payokha simapanga pulesha, imangokankha oyilo. Pulesha imabwera chifukwa oyiloyo akuvutika kudutsa m'mipata yothina, monga mmene madzi a m'paipi yothirira dimba amalimbira ukatsina kukamwa kwake ndi chala. Mipata ikakula chifukwa cha kutha kwa mabering'i, kapena oyilo akasungunuka ndi kutentha, kapena pampu ikamayamwa movutika, pulesha imagwa. Imayamba kugwa pa nthawi imene iwe waiona: injini yatentha ndipo ikulira payokha, pampu ikuzungulira pang'onopang'ono.

N'zoona kuti switchi imafa, ndipo waya wake ukasupuka n'kukhudza chitsulo kagetsi kamayaka popanda vuto lililonse. Ndikanakonda zitakhala choncho. Koma waya wosupuka sasankha kuti injini yatentha kapena ayi, ndipo sazima chifukwa waponda moto. Zimene wafotokozazi zikundidetsa nkhawa.

Uchite izi. Galimoto ikokedwe kupita ku galaja. Usolole dipstick galimoto ili pamalo osatsetsereka, ndipo uinunkhize. Oyilo akapitirira mzere wapamwamba n'kumamveka dizilo, ndiye kuti dizilo akulowa mu sampu ndi kumusungunula. Kenako makaniko amasule switchi, pamalo pakepo amangepo geji ya muvi. Apime injini itatentha bwinobwino, ikulira payokha, ndiponso pa 3,000 rpm, ayerekeze ndi manambala a m'buku la Toyota la injini yako. Usakhutire ndi kompyuta yopimira galimoto yokha. Pa galimoto zambiri switchi imangoyatsa kagetsi, ndipo kompyuta siona nambala ya pulesha. Geji ikaonetsa pulesha yabwino, gula switchi yatsopano, nkhani yatha.

Ikaonetsa yochepa, pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna uchitchule kwa makaniko, poti yako ndi ya dizilo ya malita 3, ija amati 1KD. Ma injector a injini imeneyi amakhala mkati, pansi pa chivundikiro chapamwamba, pamene pamayenda oyilo, ndipo iliyonse imakhala pa kawashala. Kawashalako kakayamba kudontha, mpweya wotentha wochokera mu silinda umatulukira mu oyilo n'kumupsereza. Makala akewo amatsikira mu sampu ndi kutseka kasefa kamene pampu imayamwira. Vutoli ndi lodziwika pa Prado, Hilux ndi Fortuner za injini imeneyi. Makaniko akhoza kusuzumira kasefako ndi kakamera kudzera pa bowo lokhetsera oyilo, kapena kutsitsa sampu. Akakapeza kotsekeka, asangokatsuka n'kutseka. Asinthenso mawashala, apo ayi makala adzabwerera. Ali pomwepo aonenso mabering'i, ndipo adule fyuluta yakale kuti aone ngati muli tizitsulo tonyezimira.

Wina akakuuza kuti ungothira oyilo wolimba kuti kagetsi kazime, ukane. Kakhoza kuzimadi, koma chimene chikudya injini chidzakhala chikadalipo, ndipo tsiku lina idzanoka uli pakati pa ulendo ndi ana. Kupimitsa ndi kutsitsa sampu n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kugula kiranki kapena injini ina.

Akapima, unditumizire manambala onse awiri, ya injini ikulira payokha ndi ya pa 3,000 rpm, kuti tikambirane usanavomere ntchito ina iliyonse. Upereke moni kwa mlamu ndi ana.

Ndine mkulu wako.